Mbande Zikamatha Usiku pa Allotment: Pezani Wakuba Musanagule Mankhwala

Ana akakula n'kuchoka pakhomo, wina ku yunivesite, wina kukayamba ntchito mzinda wina, ambiri a ife amene tikukhala kuno ku Britain timakumbukira khasu. Dzina lomwe munalembetsa ku khonsolo kalekale limafika pamwamba pa mndandanda, amakupatsani kiyi wa pageti, basi mwapeza poloti pa allotment, malo ogawidwa timinda tobwereketsa kwa anthu kuti azilimapo. Poloti yathunthu imakhala masikweya mita pafupifupi 250, ngakhale malo ambiri masiku ano amayamba akupatsani theka kuti aone ngati mukwanitse. Mumalima, mumafesa repu, mpiru, nyemba ndi maungu, ndipo zimamera bwinobwino. Mukabwera Loweruka lotsatira, mzere wonse uli mbee. Mumafesanso, zimathanso.

Vuto limeneli limabwera chaka ndi chaka, makamaka kuyambira Epulo mpaka Juni, koma limapweteka kwambiri chaka choyamba, ndipo ndi limene limachititsa ena kubweza kiyi. Ife limatibaya pena pake, chifukwa pa ulimi sitili alendo. Ambirife tinakula tikuthirira dimba tisanapite kusukulu. Koma adani omwe tinazolowera ndi dzuwa, chiswe, nkhuku za aneba ndi mbuzi zoswa mpanda. Kuno adani amabwera ndi chinyezi komanso kuzizira, amadya usiku kapena m'bandakucha inu muli kunyumba, ndipo zina mwa nzeru zomwe zimapulumutsa dimba kwathu, kuno ndi zimene zimawaitana.

Choncho musathamangire kusitolo. Zomwe zimatha mbande pa allotment zilipo zingapo, ndipo chothana ndi chimodzi sichigwira pa chinzake. Munthu angathe kuwaza mankhwala a nkhono mwezi wathunthu pamene wakuba wake ndi njiwa.

Pitani m'mamawa, mugwade, muone chomwe chatsala

Fikani dzuwa lisanaumitse nthaka, muyang'anitsitse mzerewo chapafupi. Wakudya aliyense ali ndi kadyedwe kake.

Ngati timbande tating'ono tasoweratu kapena patsala tizitsa tobiriwira, ndipo masamba akuluakulu ali ndi mabowo osalongosoka pakati ndi m'mphepete, ganizirani ma slug, nkhono zopanda chigoba zija, kapena nkhono zenizeni. Umboni wake ndi kanjira ka dovu louma konyezimira panthaka kapena patsamba. Mvula ikagwa usiku kanjirako kamafufutika, ndiye kusakaona sikutanthauza kuti ma slug kulibe. Tukulani thabwa, mwala kapena chidebe chilichonse chomwe chili pafupi muone kunsi kwake.

Masamba a repu, kabichi kapena nsawawa akang'ambidwang'ambidwa, patsala mitsempha yokhayokha, ndipo zachitika pa mbewu zazikulu ndithu, imeneyo ndi njiwa. Slug amaboola, sang'amba. Kawirikawiri mupezanso zitosi kapena nthenga pambali.

Nyemba, nsawawa, chimanga kapena nthanga za maungu zikapanda kumera n'komwe, ndipo mumzere muli timaenje tokumbidwa pomwe munaika mbewu penipeni, ndi mbewa. Nthawi zina zimasiya kamphukira kali gone pambali, njere yake zitadya.

Timabowo tambirimbiri tozungulira, ting'onoting'ono kwambiri, pa mpiru, repu ndi chayinizi timachokera kwa tizilombo takuda tonyezimira totchedwa flea beetle. Gwedezani tsamba, mutiona tikudumpha. Mbande yodulidwa tsinde pomwe lachokera m'nthaka, ili gone masamba ake osadyedwa, yadulidwa ndi mbozi ya m'nthaka yomwe amati cutworm. Fukulani ndi chala mozungulira chitsacho, mupeza mbozi yotuwa yodzipinda. Ndipo repu kapena kabichi yemwe waleka kukula, akufota masana pamene nthaka ili yonyowa, yankho lake lili ku mizu. Zulani mmodzi. Timphutsi toyera pa mizu ndi ana a ntchentche yotchedwa cabbage root fly. Mizu yotupa yopindikapindika ndi matenda a clubroot.

Pomaliza, masamba a nyemba, maungu kapena mbatatesi akada n'kulefuka usiku umodzi popanda bowo ngakhale limodzi, palibe chomwe chadya. Ndi chisanu.

Ma slug

Ndikhalitsa pano chifukwa kawirikawiri wakuba amakhala ameneyu, ndipo ndi pa iyeyu pomwe anthu amawononga ndalama zambiri.

Poloti yomwe mwapatsidwa nthawi zambiri inakhala yogonera chaka kapena kuposerapo, mwini wake wakale atatopa nayo. Udzu wautali, matabwa owola, makapeti akale omwe anthu ankaphimbira nthaka, miphika yosweka kuseri kwa shedi, monsemo ndi mogona ma slug, ndipo mazira awo oyera ounjikana ali kale m'nthaka. Inu mwabwera, mwachotsa udzu wonse womwe ankadya, n'kuwayalira timbande tanthete pamzere. Adyanso chiyani china?

Ma slug amayamba kuyenda ndi kudya kutentha kukaposa madigiri 5, ndipo sakonda kuyenda pouma. Masana amabisala, ambiri mkati mwa nthaka momwe, moti amene mumawaona pamwamba ndi ochepa chabe mwa amene alipo. Nyengo yozizira ikakhala yofunda ndi yamvula, ambiri amapulumuka n'kuswana msanga. Amene analima mu 2024 akukumbukira momwe zinalili. Bungwe la RHS, lomwe ndi lalikulu pa nkhani za madimba kuno, limati mwa mitundu 44 ya ma slug yomwe ili mdziko muno, mitundu 9 yokha ndi imene imadya mbewu za m'dimba, ndipo mu 2022 linasiya kuwatchula kuti ndi tizilombo towononga. Za dzinalo sindikangana nawo, ngakhale munthu amene repu wake watha sangavomere msanga. Chothandiza pa nkhaniyi n'chakuti slug wamkulu wamawangamawanga, yemwe amati leopard slug, mumusiye. Amadya zowola ndipo amadyanso ma slug anzake. Owononga kwambiri ndi timatuwa tating'ono, tosaposa masentimita anayi kapena asanu, tomwe simungatione mukaimirira.

Tsopano za chizolowezi chathu. Kwathu timathirira madzulo dzuwa litapepa kuti madzi asauluke. Kuno kuthirira madzulo ndi kuwakonzera ma slug njira yonyowa usiku wonse. Thirirani m'mamawa, ndipo madziwo muwathire patsinde, osati kunyowetsa bedi lonse. Ngati ntchito siikulolani kufika m'mamawa, thirirani mokwanira kamodzi m'malo mowaza pang'onopang'ono tsiku lililonse, kuti pamwamba pa nthaka pakhale pouma masiku ambiri.

Chachiwiri ndi kuphimbira. Alangizi kwathu anatiphunzitsa kuyala udzu kapena mapesi pabedi, ndipo kumeneko ndi nzeru ndithu. Kuno udzu wonyowa pafupi ndi mbande umasanduka nyumba ya ma slug, moti sasowanso kuyenda mtunda kuti adye. Ngati mukufuna kuphimbira, yalani manyowa a kompositi owola bwino, ofumbutuka. Udzu womweta ndi masamba aawisi apite pamulu wa kompositi, ndipo muluwo ukhale kumapeto kwa poloti, kutali ndi mabedi a masamba. Metaninso udzu wa m'tinjira tozungulira poloti, chifukwa ma slug ambiri amachokera m'mphepete, ndipo mudzaona kuti mzere wa kumapeto ndi umene umayamba kutha. Pulasitiki wakuda kapena makatoni omwe mwafunditsa gawo lomwe simunalime ndi othandiza kupha udzu, koma musaike letesi kapena chayinizi pafupi nawo.

Aneba a pa allotment ndi anthu opatsa malangizo, ndipo pa ma slug aliyense ali ndi mankhwala ake: zigoba za mazira, tepi ya kopa, timiyala, ubweya wa nkhosa woumbidwa timibulu, makungwa a paini. Mu 2018 a RHS anayesa zisanu zimenezi pa letesi, ndipo anapeza kuti letesi wotetezedwa nazo anadyedwa chimodzimodzi ndi wosatetezedwa. Ife timawonjezerapo phulusa. Phulusa likakhala louma slug amalizemba, koma kuno lingakhale louma masiku angati? Mchere umapha slug ndithu, koma ukalowa m'nthaka umawononganso mbewu zanu zomwezo. Musawaze pabedi.

Chomwe chimagwira ntchito, ndipo n'chaulere, ndi kuwatola. Ikani matabwa akale awiri kapena atatu pakati pa mabedi, kunsi kwake kukhale konyowa. Mukafika tembenuzani, mutole onse amene abisala. Chitani zimenezi kwa milungu iwiri musanaokere chilichonse pabedilo, osati mbande zitayamba kale kudyedwa. Amene mumakhala pafupi, pitani ndi tochi usiku wachinyezi kutada bwino. Mu Juni kuno kumachedwa kuda, mpaka cha m'ma 10 koloko, ndiye yambani mwaona malamulo a malo anu pa za nthawi yotseka geti, ndipo musapite nokha. Zomwe mwatola musaponyere pa poloti ya neba. Kupatula kuti n'kupanda ulemu, nkhono zimadziwa kwawo, ndipo zoponyedwa pafupi, mamita osakwana 20, zimabwerera.

Msampha wa mowa umagwiradi. Kwirirani kachitini m'nthaka, mlomo wake utuluke masentimita awiri pamwamba kuti tizilombo takuda toyenda pansi, tomwe timadya mazira a ma slug, tisagweremo. Thiranimo mowa wotchipa mpaka theka, muzikhuthula pakapita masiku angapo. Vuto lake n'lakuti kachitini kamodzi kamateteza malo aang'ono, ndipo fungo lake pokhuthula si la masewera.

Za mankhwala ogula, pali chimodzi chofunika kudziwa. Mankhwala a ma slug okhala ndi metaldehyde analetsedwa kugwiritsa ntchito panja ku England, Scotland ndi Wales kuyambira pa 1 Epulo 2022, chifukwa amapha mbalame, akanungu ndi agalu. Mukapeza chitini chakale mu shedi yomwe mwalowa, werengani palebulo. Ngati palembedwa metaldehyde, musawaze ndipo musataye m'bini wamba, funsani khonsolo komwe amalandira mankhwala oopsa. Ololedwa ndi a ferric phosphate. Awazeni motalikirana monga palembedwa papaketi, osati kuunjika mulu patsinde. Ambiri amadandaula kuti sagwira chifukwa saona mitembo. Slug akadya mankhwalawa amasiya kudya n'kukafera m'nthaka, ndiye muziyang'ana masamba atsopano ngati akudyedwabe.

Palinso tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodes, togulitsidwa m'mapaketi osungidwa mufiriji, monga a Nemaslug. Mumasungunula m'madzi n'kuthirira panthaka yonyowa madzulo, nthakayo itafunda kufika madigiri 5 kapena kuposa. Timalowa m'thupi la slug m'nthaka momwemo n'kumupha, ndipo mphamvu yake imakhala milungu pafupifupi 6. Pa nkhono zokhala pamwamba sitigwira kwenikweni, pa dothi lamakande lolemera timavutikanso kuyenda, ndipo mtengo wake ndi wokwererako. Ine ndingati mugulire bedi limodzi kapena awiri omwe mufese karoti ndi letesi, osati poloti yonse.

Achule, akanungu ndi mbalame zina amadya ma slug. Ngati malamulo a malo anu akulola, kwirirani beseni lakale lamadzi pakona, muikemo miyala yoti chogweramo chizitha kutuluka. Sizithetsa vuto chaka chomwecho, koma pakapita zaka mudzaona kusintha.

Njiwa ndi mbewa

Njiwa za kuno, zazikulu zotuwa zokhala ndi banga loyera pakhosi, zimatha bedi la repu m'mawa umodzi. Ma CD olendewera ndi zoopsezera zina zimagwira masiku ochepa, kenako njiwa zimazolowera. Chothandiza ndi neti basi, ndipo iikidwe tsiku lomwelo mwaokera, osati Loweruka lotsatira. Imikani nsungwi kapena mapaipi opinda, neti ikhale yokungika ndi yotalikira masamba, chifukwa njiwa imatera paneti yolendewera n'kumajompha masamba kudzera m'mabowo. M'munsi kanikizani ndi njerwa kapena zikhomo. Neti yotayirira imakola mbalame zing'onozing'ono ndi akanungu.

Popeza mukugula neti, gulani ya mabowo aang'ono, osaposa mamilimita 7, kuti iletsenso agulugufe oyera omwe amaikira mazira pa repu ndi kabichi nyengo yotentha. Ya mabowo osakwana milimita imodzi imaletsa ngakhale flea beetle ndi ntchentche ya mizu ija. Ndi yodulirako koma imakhala zaka zambiri.

Amene munakula ndi legeni ndi ulimbo, zimenezo muzisiye kumudzi. Mbalame zakutchire kuno zimatetezedwa ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981, ndipo ulimbo ndi umodzi mwa misampha yomwe lamuloli limaletsa.

Mbewa zimanunkhiza nyemba, nsawawa ndi chimanga zili m'nthaka, makamaka kumayambiriro kwa nyengo pamene chakudya china kulibe. Njere ikamera n'kutha chakudya chake, sizifunanso. Ndiye njira yachidule ndi kumeretsa mbewu zimenezi kunyumba n'kuokera zitakula. Mukafuna kutchera, gwiritsani ntchito msampha wofwamphuka, muuvundikire kuti mbalame zisaufike. Misampha ya guluu ndi yoletsedwa kwa anthu wamba ku England kuyambira Julayi 2024. Achewa anzanga, ndikudziwa chomwe mwaganiza, koma pa allotment simudziwa yemwe waika poizoni pa poloti yake. Zimenezi si ndiwo.

Za m'nthaka ndi zodumpha

Flea beetle amavuta nyengo youma ya Epulo ndi Meyi. Mbewu yaikulu imapirira, ndi timbande tongomera kumene tomwe timafa. Fundani bedi ndi neti ya mabowo aang'ono kwambiri mukangofesa, ndipo nthaka isaume. Cabbage root fly amaikira mazira panthaka pafupi ndi tsinde, kuyambira chakumapeto kwa Epulo. Dulani katoni mozungulira, masentimita 10 mpaka 15, mung'ambe mpaka pakati, muveke patsinde kagone panthaka. Cutworm mumangomufukula n'kumuchotsa.

Poloti yomwe inali udzu wokhawokha imakhalanso ndi mphutsi zolimba zachikasu zotchedwa wireworm, zomwe zimadya mizu ndi kuboola mbatatesi. Zimachepa zokha mukalima zaka zingapo. Clubroot ndi nkhani ina, chifukwa amatha kukhala m'nthaka zaka mpaka 20. Funsani aneba ngati alipo pamalopo. Ngati alipo, thirani laimu pabedi la repu ndi kabichi, konzani kuti madzi asamadikhe, kulitsani mbande m'miphika yokulirapo kuti zipite ndi mizu yambiri, ndipo sankhani kabichi wopirira matendawa monga Kilaton. Musalandire mbande za kabichi zozulidwa pa poloti ya munthu wina, ngakhale akupatseni ndi mtima wabwino. Ndi momwe matendawa amayendera.

Pamene palibe chomwe chadya

Dzuwa la Epulo limanamiza. Masana mumavula jekete, masitolo adzaza mbande za tomato ndi maungu, mtima umati nthawi yakwana. Koma usiku wopanda mitambo chisanu chimatsikabe. Kum'mwera kwa England chisanu chotsiriza chimatha kubwera mpaka pakati pa Meyi, ndipo kumpoto ndi ku Scotland mpaka kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni. Nyemba, maungu, chimanga, tomato ndi bonongwe sizipirira chisanu ngakhale pang'ono. Amene anakulira ku Dedza kapena ku Ntcheu amadziwa momwe chisanu cha Juni chimawaulira mbewu m'madambo. Kuno kusiyana kwake n'kwakuti chimabwera nthawi yomwe mwangodzala kumene.

Ngakhale chisanu chisafike, nthaka yozizira ndi yonyowa imavunditsa njere. Nyemba ndi chimanga zimafuna nthaka yofunda madigiri 10 mpaka 12 kuti zimere. Zomwe zamera pozizira zimangokhala osakula, ndipo mbande yosakula ndi imene ma slug amaimaliza, chifukwa siitulutsa masamba atsopano olowa m'malo mwa odyedwa. Anthu ambiri amene amati ali ndi vuto la ma slug, vuto lawo lenileni ndi kufulumira. Funsani madala omwe akhala pamalopo zaka zambiri tsiku lomwe iwo amatulutsa nyemba, muchite zomwezo. Mbatatesi zikawauka masamba musazule, zimaphukiranso. Nyengo ikalosera chisanu, zikwezereni dothi kapena fundani ndi nsalu yoyera yopyapyala yomwe amati fleece.

Nazale ikhale kunyumba

Njira yomwe imachepetsa mavuto ambiri mwa amenewa nthawi imodzi ndi kusiya kufesa pabedi. Mbande yamasamba awiri slug amaimaliza usiku umodzi. Yamasamba asanu ndi tsinde lolimba amailuma, koma imakulabe. Mbewa sizifuna njere yomwe yamera kale n'kutha chakudya chake, ndipo chisanu sichilowa m'nyumba.

Malo muli nawo tsopano. Chipinda chomwe ana asiya, ngati chili ndi zenera lolowa dzuwa, ndi nazale yokwanira poloti yonse. Fesani m'mathireyi a timagawotimagawo kapena m'tizitini ta yogati toboola kunsi, njere imodzi kapena ziwiri pagawo. Nyemba zoyanga ndi chimanga zimafuna mozama, ndipo timachubu ta katoni ta mkati mwa tishu timakwanira, mumakwirira ndi chubu chomwe. Maungu, chimanga ndi nyemba zifeseni chakumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, kuti zikhale m'nyumba milungu inayi kapena isanu yokha. Mukafesa mu Malichi zidzakula mopyola muyeso kunja kusanafunde.

M'nyumba muli mavuto ake awiri. Loyamba ndi mbande zazitali zowonda zotuwa, zopendekera kuzenera. Zimachitika kutentha kukachuluka pamene kuwala kuli kochepa. Zimitsani hita ya m'chipindamo mbewu zikangomera, muzitembenuza thireyi tsiku lililonse, ndipo kumbuyo kwake imikani katoni yokutidwa ndi foyilo kuti ibweze kuwala. Lachiwiri ndi timbande tongogwa tokha, tsinde litawonda ndi kuvunda m'munsi. Amenewa ndi matenda a nkhungu obwera ndi madzi ambiri, kufesa mothithikana ndi kusowa mpweya. Gwiritsani ntchito dothi lofesera latsopano la m'thumba, mathireyi otsuka, ndi madzi a pampopi, osati a m'mgolo wa mvula. Thirirani pokhapokha pamwamba payamba kuuma. Thireyi yomwe yagwidwa siichira, tayani mufesenso.

Musanaokere, zolowezani mbande kunja kwa milungu iwiri kapena itatu. Muzizitulutsa masana pamalo obisika ku mphepo n'kuzilowetsa usiku, kenako muzizisiya kunja usiku wofunda. Ziikeni patebulo, osati pansi, ndipo muziyang'ana kunsi kwa thireyi chifukwa ma slug a kuseri kwa nyumba nawonso amadya. Mbande yochoka m'chipinda chofunda n'kupita pabedi tsiku lomwelo imaima kukula kwa milungu, ndipo tanena kale zomwe zimaichitikira mbande yoima.

Repu ndi kabichi aokereni ali ndi masamba enieni asanu kapena asanu ndi limodzi, mutsindire dothi mwamphamvu. Maungu akhale ndi masamba enieni atatu kapena anayi. Maungu ndi amene ma slug amawakonda kwambiri, ndiye pa milungu iwiri yoyamba vundikirani chilichonse ndi botolo la pulasitiki lalikulu lodula kunsi, lopanda chotsekera, lokanikizidwa m'nthaka. Yambani mwafufuza kuti simunatsekeremo slug. Ndipo nthawi zonse fesani zoposa zomwe mukufuna, zotsalazo zikhale kunyumba zodikira kupakiza pomwe padyedwa.

Karoti salola kuokera, ayenera kufesedwa pabedi. Dikirani nthaka ifunde kuti amere ndi kukula msanga, konzani bedilo ndi matabwa aja kapena nematodes musanafese, ndipo musankhe bedi la pakati pa poloti. Chaka choyamba n'kwanzeru kupatsa malo ambiri mbewu zomwe ma slug sazifuna kwenikweni, monga anyezi ndi adyo. Mbatatesi nazo zimathandiza kuyeretsa poloti yatsopano, koma dzalani zocha msanga ndipo muzikumbe zikangokhwima, chifukwa zikakhalitsa m'nthaka yonyowa ya Seputembala ma slug a pansi amaziboola.

Ngati Juni wafika mabedi ali mbee

Chaka sichinathe. Nyemba zosayanga mungafese mpaka chapakati pa Julayi, ndipo nthaka yofunda imazimeretsa msanga. Bonongwe, yemwe aneba ochokera ku Jamaica amamutcha callaloo, amakonda kufesedwa mu Juni ndipo amakula bwino kuno. Maungu a nkhwani mungafesebe, popeza mukufuna masamba osati maungu okhwima. Kabichi wosamanga mutu yemwe kuno amati kale, amene amalowa m'malo mwa chomoliya, wofesedwa mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi amakupatsani ndiwo nyengo yonse yozizira, bola akhale mu neti, chifukwa njiwa zimalusa kwambiri nthawi imeneyo.

Mpiru ndi chayinizi ndiye zimachita bwino zikafesedwa mochedwa. Kuno mu Juni dzuwa limakhala maola 16 kapena 17, pamene kwathu silipitirira kwenikweni maola 13, ndipo masana aatali chotere pamodzi ndi kuzizira kwa kumayambiriro zimachititsa mbewu zimenezi kuthamangira maluwa zisanapange masamba. Zifeseni Julayi kapena Ogasiti, masana atayamba kufupika. Adyo amadzalidwa Okutobala ndi Novembala.

Chinanso, malo ambiri amayendera mapoloti nyengo yotentha, ndipo poloti yooneka yosalimidwa imalandira kalata yochenjeza. Musadikire kalatayo. Uzani wa komiti kapena woyang'anira malo kuti mbande zinadyedwa ndipo zina zili kunyumba, metani udzu wa m'tinjira, palirani mabedi opanda kanthu, ndipo gawo lomwe simufikako chaka chino lifundeni ndi makatoni.